Katundu ali tho m'nyumba yosungiramo koma makina aima: tiziitanitsa wochuluka bwanji, nanga liti?

NaZulu wa ku Chinika
Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Ndimagwira ntchito ya masitoko pa kafakitale kena kuno ku Chinika mu Lusaka, timapanga sopo wamadzi wotsukira mbale ndi mankhwala otsukira m'chimbudzi. Sabata ino makina angokhala duu, ndipo chifukwa chake museka: zotsekera mabotolo zatha. Mabotolo enieniwo ali mbwee, makatoni afika kudenga moti podutsa umachita kuyenda chammbali. Migolo ya mankhwala nayo ilipo yotifikitsa kutali. Koma tizotsekera ta ngwee zochepa palibe, anyamata akungosewera dirafuti panja uku malipiro awo akuwerengeka. Kagulidwe kathu ndi ka maso: tikaona kuti pakona pachepa, ndiye kuimba foni. Ndimamva kuti pali masamu owerengera kuchuluka kwa katundu woyenera kuitanitsa. Odziwa tandithandizeni, koma mufotokoze ngati mukuuza mwana wa giledi 7.

Amalume a Hardware, Kamwala
Mwanangu, masamu ake ndi amodzi basi: ukapeza ndalama gula katundu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Katundu amene ali pa thiraki ngwa dalaivala ndi a pa boda, wako ndi amene wamutsekera ndi loko. Ine ndayamba kugulitsa malata ndi misomali kwacha isanachotsedwe maziro atatu aja mu 2013, kakyuleta ndimangoigwira popereka chenji.

NaZulu wa ku Chinika
Amalume, abwana anga amaganizanso choncho. Ndiye tili pano, ndalama yonse yagona m'mabotolo.

Aphunzitsi Opuma, Chelstone
NaZulu, mwafunsa mafunso awiri mutawamanga mtolo umodzi. Loyamba: ndikamaitanitsa, ndiitanitse wochuluka bwanji? Lachiwiri: ndiitanitse katundu atatsala wochuluka bwanji? Anthu amathera mphamvu pa loyamba, koma amene amaimitsa makina ndi lachiwirilo. Komabe tiyambe ndi loyamba chifukwa ndi lofewa.

Pali ndalama ziwiri zimene zimakokana. Mukamaitanitsa pang'onopang'ono koma kawirikawiri, ulendo uliwonse mumalipira ejenti wa pa boda, banki potumiza ndalama kunja, otsitsa katundu, ndi nthawi yanu yothamanga ndi mapepala. Mukaitanitsa wambiri kamodzi, zimenezo zimachepa, koma katunduyo amadya ali chigonere: chiwongoladzanja cha ndalama imene yamangika, lendi ya malo, inshuwalansi, mlonda, wina kutayika, wina kubedwa. Masamu ake amafunafuna pamene ndalama ziwirizi zikaphatikizidwa zimakhala zochepetsetsa. Amawatcha EOQ (Economic Order Quantity), kutanthauza kuchuluka kwa katundu koyenera kuitanitsa pa oda imodzi. Anawalemba ndi injiniya wa ku America, Ford W. Harris, mu 1913, ndipo mpaka lero akuphunzitsidwa osasintha.

Sankhani chinthu chimodzi chodula, mundiuze: mumagwiritsa ntchito zingati pachaka, mtengo wake, ndi ndalama imene mumalipira pa oda iliyonse posatengera kuti yaikulu kapena yaing'ono.

NaZulu wa ku Chinika
Titenge mankhwala opangitsa thovu aja, amachokera ku South Africa. Timatsiriza migolo pafupifupi 5 pasabata, 20 pamwezi, ndiye 240 pachaka. Mgolo umodzi ukafika pano umakhala utadya pafupifupi K6,000. Za ejenti, banki ndi forklift yobwereka zimakwana cha m'ma K9,000 pa oda. Abwana amakonda kuitanitsa kawiri pachaka, migolo 120 nthawi imodzi. Za ndalama yosungira sitinawerengepo, malo ndi athu omwe.

Akauntanti wa ku Kabwata
Apo ndiye pamene ambiri amagwera achemwali. "Malo ndi athu" sizitanthauza kuti kusunga n'kwaulere. Funsani abwana ngati ali ndi ngongole ku banki kapena ovadrafuti, ndipo akulipira chiwongoladzanja chanji. Ndalama imene yagona m'migolo ikanachepetsa ngongoleyo. Ngakhale alibe ngongole, ikanatha kugula zotsekera zimene mukulirazo. Poyambira ikani 30 peresenti ya mtengo wa mgolo pachaka, kuphatikiza chiwongoladzanja, kudontha ndi zina. Mudzakonza mukapeza nambala yanu yeniyeni. Ndiye K6,000 ikupereka K1,800 pa mgolo pachaka.

Aphunzitsi Opuma, Chelstone
Zikomo a akauntanti, tigwiritse ntchito yomweyo. NaZulu tengani foni, muitembenuze chopingasa kuti kakyuleta ionetse chizindikiro cha √.

2 × 240 × 9,000 = 4,320,000
Gawani ndi 1,800, mupeza 2,400
√2,400 ndi pafupifupi 49

Tinene kuti migolo 48, kuti zigawike bwino: maoda asanu pachaka. Tsopano tiyese. Maoda 5 pa K9,000 ndi K45,000. Posunga, katundu amayamba ali 48 n'kumatsika mpaka kutha, ndiye pa avareji mumakhala ndi theka, migolo 24. Pa K1,800 ndi K43,200. Zonse pamodzi K88,200 pachaka.

Njira ya abwana anu: maoda 2 ndi K18,000 yokha, ndipo iwo amaona kuti apulumutsa. Koma avareji ya m'nyumba yosungiramo ndi migolo 60, imene ikudya K108,000. Zonse K126,000. Kusiyana kwake K37,800 pachaka pa chinthu chimodzi chokha, ndipo ndalama imeneyi siioneka pa lisiti iliyonse, n'chifukwa chake palibe amene amaidandaula.

Amalume a Hardware, Kamwala
Aphunzitsi, mwandiwerengera bwino ngati ku sukulu. Nanga kwacha? Masamu anuwo akudziwa kuti mtengo wa lero si wa mwezi wamawa? Ine ndaonapo malata amene ndinagula mu Januware akundipatsa phindu loposa la kugulitsa kwenikweniko, chifukwa dola inakwera iwo ali m'shopu.

Akauntanti wa ku Kabwata
Amalume, izo n'zoona pa zaka zimene kwacha inkagwa. Koma mu 2025 inatembenuka n'kuyamba kulimba. Amene anadzaza nyumba zosungiramo dola ili pamwamba anapezeka akupikisana ndi anzawo amene aoda motchipa pambuyo pake. Kusunga katundu poyembekezera kuti dola ikwera ndi bizinesi inanso payokha, yolosera. Mukhoza kuichita, koma muzidziwa kuti mukubetcha, musamaitche kusamala.

Amalume a Hardware, Kamwala
Kubetcha kapena ayi, ana ndaphunzitsa nazo.

Aphunzitsi Opuma, Chelstone
Palibe akutsutsa amalume, ndipo funso lanu lili ndi malo m'masamuwa. Ngati muli ndi chifukwa chenicheni chokhulupirira kuti mtengo ukwera, mwachitsanzo wogulitsa wakulemberani kuti kuyambira mwezi wamawa akweza, mumachotsa kukwerako pa ndalama yosungira ija, ndipo yankho limakuuzani kuti mugule wochulukirapo. Chimene masamu amakana ndi kugula wambiri chifukwa cha mantha chabe.

Koma ndikufuna NaZulu aone chinthu chimene mabuku ambiri amangochidumpha. Yesani migolo 40: maoda 6 ndi K54,000, kusunga K36,000, zonse K90,000. Yesani migolo 60: maoda 4 ndi K36,000, kusunga K54,000, zonse K90,000 yomweyo. Mwaona? Kuchokera pa 40 mpaka 60 kusiyana ndi yankho lenileni sikukufika ndi K2,000 yomwe. Ngakhale mutaphonya kwambiri, kuitanitsa theka kapena kuwirikiza kawiri, ndalama imangokwera ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Choncho musataye tulo pofuna kudziwa ngati ndalama yosungira ndi 28 kapena 32 peresenti. Masamuwa ndi okhululuka. Ntchito yake ndi kukuuzani kuti 120 ndi kutali, 10 ndi kutalinso, pakati apa sankhani chimene chikugwirizana ndi thiraki.

Dalaivala wa Joni
Apo mwanena aphunzitsi. Ine ndimaseka munthu akandiuza kuti kompyuta yati migolo 49. Migolo imakwera inayi pa phaleti. Kontena yaifupi ija ya mafiti 20 imanyamula migolo 80. Ukatenga yosadzaza ulipira malo opanda kanthu, kapena udikira kuti apeze katundu wa anthu ena woti aphatikize, ndipo kudikirako nthawi zina kumaposa ulendo weniweniwo.

NaZulu wa ku Chinika
Achimwene mwandikumbutsa. Otigulitsa aja amati tikatenga migolo 80 amatichotsera 3 peresenti. Ndiye pamenepo titani?

Wophunzira za Purchasing, Kalingalinga
Ndiyeseko ine aphunzitsi, mundikonze ndikalakwa, zimenezi zili pa mayeso athu a ZIPS, bungwe la akatswiri a zogula katundu ku Zambia. Migolo 80: maoda 3 ndi K27,000. Avareji migolo 40, kusunga K72,000. Zonse K99,000, kuposa K88,200 ija ndi K10,800. Koma pachaka amagula 240 × K6,000, yomwe ndi K1,440,000, ndipo 3 peresenti yake ndi K43,200. Ndiye akutaya K10,800 n'kupeza K43,200. Atenge 80.

Aphunzitsi Opuma, Chelstone
Wakhoza mdzukulu, pita ukalembe mayeso. Ndingowonjezera ziwiri. Migolo 80 pa mtengo wotsitsidwawo ndi ndalama yopitirira K465,000 nthawi imodzi. Ngati kuti ipezeke mpaka abwana apite kwa a kaloba, ndiye 30 peresenti ija yasanduka nambala ina yoopsa ndipo yankho lisintha. Chachiwiri, afunse ngati mankhwalawo amapirira miyezi inayi osasintha.

NaZulu wa ku Chinika
A thovuwo amapirira. Ovuta ndi caustic soda, thumba likangobooka pang'ono amakoka chinyezi n'kuumbika ngati mwala. Dzinja kuno madzi amalowa mpaka pakhomo, timachita kukweza zonse pa maphaleti awiriawiri. Nawo mankhwala oyeretsa aja akakhalitsa potentha mphamvu imachepa.

Akauntanti wa ku Kabwata
Ndiye kwa amenewo ndalama yosungira si 30 peresenti, ndi yokwera. Chinthu chilichonse chili ndi nambala yake. Ndipo woyamba kulowa azikhala woyamba kutuluka, osati anyamata kumangotenga thumba limene lili pafupi ndi chitseko.

Aphunzitsi Opuma, Chelstone
Tsopano funso lachiwiri, limene kwa ine ndi lalikulu kwa aliyense wochita bizinesi mu Lusaka. Harris ankaganizira fakitale imene katundu amafika pa tsiku lodziwika. Ife tili pakati pa mtunda. Doko lililonse, kaya Beira, Dar es Salaam, Durban kapena Walvis Bay, lili pa makilomita opitirira 1,000, ndipo pakati pali boda imodzi kapena ziwiri. Chimene chimatipha si kutalika kwa ulendo ayi, koma kusadziwika kwake. Ulendo wa masabata asanu ndi limodzi wosasinthasintha ndi wosavuta kuposa umene lero utenga atatu, mawa asanu ndi awiri.

NaZulu, tsegulani mafaelo a maoda akale. Pa iliyonse lembani tsiku limene munatumiza oda ndi tsiku limene katundu analowa pa geti yanu. Osati tsiku limene ananyamuka, kapena limene ejenti anati "wafika pa boda". Pa geti.

Dalaivala wa Joni
Ndipo muyambire tsiku lotumiza oda ndithu, chifukwa anthu amatinamizira ife madalaivala. Kuchokera ku Johannesburg kudzera ku Botswana, chitsegulireni mlatho wa Kazungula mu 2021, kuyenda kwenikweniko ndi masiku ochepa, si ngati nthawi ya pantoni ija. Masiku ambiri amathera poyembekeza kuti ndalama ifike kwa wogulitsa, kuti alongedze, kuti mapepala a mankhwala akwane. Ndinagonapo pa boda ina chifukwa pepala limodzi linali ndi nambala yosiyana ndi ya pa migolo, ndikuphika nsima pansi pa thiraki, mwini katundu akundiimbira ngati ndine ndinalemba pepalalo. Komanso Disembala musamuiwale. Mafakitale ambiri a ku South Africa amatseka chapakati pa mweziwo mpaka Januware. Oda ya pa 10 Disembala muziiwerengera ngati ya chaka chamawa.

NaZulu wa ku Chinika
Ndayang'ana. Ambiri amafika pa masabata anayi, ena atatu, koma ilipo ina inatenga asanu ndi awiri.

Aphunzitsi Opuma, Chelstone
Basi, muli nazo zonse zofunika. Masabata 4 × migolo 5 ndi migolo 20. Imeneyo ndi imene mudzadye mukudikira, ngati zonse zayenda mwa masiku onse. Mukaitanitsa itatsala 20 ndendende, ndiye kuti pafupifupi theka la maulendo mudzakhala mukuthamanga, chifukwa avareji imatanthauza kuti maulendo ena amapitirira. Pamafunika ina yapadera yodikirira tsoka, imene a m'maofesi amati safety stock.

Njira ya pamsika: tengani ulendo wochedwetsetsa, 7, chotsani wa masiku onse, 4, atsala masabata 3. Kuchulukitsa ndi 5 ndi migolo 15. Ndiye muziitanitsa ikatsala 35.

Njira ya m'kalasi: lembani masabata a maoda onse mu Excel, mugwiritse ntchito STDEV kuti ikuuzeni mmene amamwazikira. Tiyerekeze kuti yapereka sabata imodzi ndi theka. Mukafuna kuti pa maoda 100 aliwonse, 95 afike katundu asanathe, mumachulukitsa ndi 1.65. Ndiye 1.65 × 1.5 × 5 ndi migolo 13 tikakweza. Mukafuna 99 pa 100 nambala yake ndi 2.33, ndipo migolo ikhala 18. Mukakhutira ndi 90 pa 100 ndi 1.28, migolo 10.

Onani kuti njira ziwirizi sizikutalikirana: 33 kapena 35. Chofunika n'chakuti nambalayo ilembedwe pakhoma, ndipo ikakwana oda ipite tsiku lomwelo, abwana alipo kapena ali ku maliro ku Chadiza.

Amalume a Hardware, Kamwala
Ndiye mwazungulira dziko lonse n'kubwerera kwa ine. Sungani katundu wapadera. Si zimene ndinanena poyamba?

Aphunzitsi Opuma, Chelstone
Mwanena theka lake amalume. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tikudziwa mtengo wa mtendere wathu. Migolo 13 yongokhala ikudya K23,400 pachaka. Abwana a NaZulu akhoza kufunsa: kodi makina akaima sabata imodzi timataya zingati? Ngati ndi zoposa pamenepo, alipire mosanyinyirika. Inu mumasunga chilichonse mofanana, misomali ya mainchesi anayi imene imatuluka tsiku ndi tsiku ndi maloko a golide aja amene ndinawaona pa shelefu yanu ali ndi fumbi.

Amalume a Hardware, Kamwala
Malokowo asiyeni, akudikira mwini wake 😂

Mayi a Buledi, Matero
Ine ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Zanuzi ndi za katundu wosaola. Nanga ife a buledi? Ndikaphika wambiri amatsala, mawa ndimagulitsa motchipa. Ndikaphika wochepa, pofika 16 koloko mashelefu ali mbee, makasitomala apita kwa aneba ndipo ena sabweranso.

Wophunzira za Purchasing, Kalingalinga
Mayi, yanuyo ili ndi masamu akeake, amaitcha vuto la wogulitsa nyuzipepala, poti nyuzipepala ya dzulo sigulika. Mtanda umodzi umakudyerani zingati, mumagulitsa zingati, nanga wotsala?

Mayi a Buledi, Matero
Tinene kuti kupanga K18, kugulitsa K25, wogona ndimapereka pa K12 kwa a tuntemba.

Wophunzira za Purchasing, Kalingalinga
Mukasowa mtanda umodzi mwataya phindu la K7. Mukatsala ndi umodzi mwataya K6. Gawani 7 ndi 13, kutanthauza 7 kuphatikiza 6, mupeza 0.54. Tsopano tengani kope lanu, mulembe mitanda imene anthu anafuna pa masiku 20 ofanana, kuyambira tsiku lochepetsetsa mpaka lochulukitsitsa. 0.54 ya 20 ndi pafupifupi 11. Nambala imene ili pa malo a 11 pa mndandandawo ndiyo muziphika. Chikhala kuti wotsala mumangotaya osapezapo kanthu, zikanakhala 7 kugawa ndi 25, yomwe ndi 0.28, ndiye mukanatenga ya pa malo a 6, kuphika mochepa.

Aphunzitsi Opuma, Chelstone
Zoona, koma mayi asamale pawiri. Loweruka ndi masiku a malipiro a kumapeto kwa mwezi akhale ndi mndandanda wawo, asasakanize ndi Lachiwiri la pakati pa mwezi. Ndiponso kope limangolemba amene anagula. Tsiku limene buledi anatha masana, amene anabwerera chimanjamanja mulibemo. Muuzeni mtsikana wa pa kauntala azichonga kamzere pa pepala munthu aliyense akabwerera. Popanda zimenezo masamu adzakuuzani kuti muziphika mochepa, mawa mochepanso, mpaka uvuni uzizire. Ndipo ngati wobwererayo sabweranso monga mwanenera, K7 ija ndi yochepa, ikwezeni.

Mayi a Buledi, Matero
Kamzereko ndiyamba mawa. Koma vuto lina ndi malaiti, ukhoza kuwerenga bwinobwino mtanda uli m'mathireyi, iwo thii.

NaZulu wa ku Chinika
Mayi musatikumbutse 2024. Madzi atachepa ku Kariba tinkapatsidwa maola ochepa, nthawi zina usiku. Mkangano unali wakuti maola amenewo tipange chiyani. Abwana ankati mankhwala a m'chimbudzi chifukwa botolo limodzi limapindula K7, pamene sopo wa mbale K4.

Akauntanti wa ku Kabwata
Nanga makina amadzaza mabotolo angati pa ola?

NaZulu wa ku Chinika
Sopo wa mbale cha m'ma 300. Enawo ndi ochedwa chifukwa cha khosi lokhota la botolo lija, mwina 120.

Akauntanti wa ku Kabwata
Ndiye sopo wa mbale amabweretsa K1,200 pa ola, enawo K840. Chimene chikusowa ndi maola a malaiti, choncho phindu liwerengedwe pa ola, osati pa botolo. Mupange sopo wa mbale mpaka pamene msika ungamwe, maola otsala apite kwa enawo. Zosowa zikachuluka, monga maola, mankhwala, mabotolo ndi ndalama nthawi imodzi, mutu sungathenso, pamafunika linear programming, masamu ogawira zinthu zoperewera kuti phindu lichuluke. Mu Excel muli kachida kotchedwa Solver, anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti kalimo.

Aphunzitsi Opuma, Chelstone
Ndipo masamu amenewo anabadwira m'fakitale momwemo. Leonid Kantorovich wa ku Leningrad anawatulukira mu 1939 atafunsidwa ndi opanga plywood kuti agawe bwanji ntchito pa makina awo. George Dantzig ku America anapeza njira yowathetsera mu 1947, ndipo ndi imene Solver imatchula kuti Simplex. Koma tisapite kutali, NaZulu sitinamuyankhe za zotsekera.

Wophunzira za Purchasing, Kalingalinga
Ifetu tinaphunzira ABC. Umachulukitsa mtengo wa chinthu ndi kuchuluka kwake pachaka, n'kusanja kuyambira chodya ndalama zambiri. Zochepa za pamwamba, zimene zimatenga gawo lalikulu la ndalama, ndi A, uziziyang'anira kwambiri. Zapakati B. Zambirimbiri zotchipa ndi C. Zotsekera ndi C, ndiye buku likuti osataya nazo nthawi.

Aphunzitsi Opuma, Chelstone
Apa mdzukulu wawerenga buku koma walimva mopotoka. C sikutanthauza kuti chinthucho n'chosafunika. Ikutanthauza kuti kuchisunga n'kotchipa, ndiye sunga chambiri kuti usamachiganizire. Zotsekera za miyezi itatu zimakwana pakona imodzi ndipo ndalama yake siifika ngakhale pa migolo iwiri. Mabotolo ndiye osiyana: ndi otchipa koma amadya malo, umasunga mpweya. Ngati amapangidwa mu Lusaka momwemuno, azibwera pang'onopang'ono sabata ndi sabata. Fakitale ya NaZulu yachita mozondoka, yadzaza chimene chimapezeka pafupi n'kusowa chimene chimakwana m'thumba.

Pa zinthu za C musavutike ndi kakyuleta. Gawani zotsekera m'mabokosi awiri. Lachiwiri likhale ndi zokwanira nthawi yodikira oda kuphatikiza zapadera, mulimange ndi tepi, pamwamba mumatepo khadi lofiira lolembedwa dzina la chinthu ndi kuchuluka koitanitsa. Mnyamata akatsegula bokosi limenelo, khadi alibweretse pa tebulo panu. Khadi likafika, oda ipite. Ngakhale wosadziwa kuwerenga amatha.

Dalaivala wa Joni
Si zomwe amachita a Toyota zimenezo? Ndinamva kuti iwo sasunga katundu n'komwe.

Aphunzitsi Opuma, Chelstone
Makadiwo inde, iwo amati kanban, ndipo amene anawalimbikitsa ndi Taiichi Ohno. Koma zosasunga katundu zija zinatheka chifukwa ambiri owapangira zipangizo anali pafupi ndi mafakitale awo ku Japan, galimoto zimatha kubweretsa kangapo pa tsiku. Wina akabwera ku semina pa hotela n'kukuuzani kuti just in time, kulandira katundu pa nthawi yomwe akufunika basi, ndiye nzeru, mufunseni ngati anadikirapo kontena yochokera ku Dar es Salaam kudzera pa Nakonde. Tengani khadi, zinazo muwasiyire. Pa mabotolo ndi makatoni a mu Lusaka momwemuno, pamenepo mukhoza kuyesa.

Akauntanti wa ku Kabwata
Ine ndiponyepo mwala umodzi. Zonsezi zimadalira kuti nambala ya pa khadi la sitoko ikhale yofanana ndi zimene zili pansi. Ndalowapo m'nyumba zosungiramo zimene kompyuta ikuti migolo 35, ukawerenga ndi 28, ndipo iwiri mwa imeneyo ukaigogoda ikulira ngati ng'oma. Ngati mumawerenga sitoko kamodzi pachaka podikira ma auditor, masamu a aphunzitsiwa adzakunamizani mwaulemu. Za A muziwerenga sabata iliyonse, B mwezi uliwonse, C pakapita miyezi itatu. Ndipo wowerenga asakhale yemweyo wosunga makiyi. Pepani achemwali, sindikunena inu.

NaZulu wa ku Chinika
Palibe kanthu achimwene, ine ndingakondwe wina atamawerenga nane, chifukwa chikasowa chinthu maso onse amabwera kwa ine. Vuto ndi a shifiti ya usiku, amatenga osalemba poti ine ndimakhala nditaweruka.

Amalume a Hardware, Kamwala
Apo pokha ndiye ndili ndi digiri. Usiku usamasiye nyumba yonse yotsegula. Madzulo uziwatulutsira zimene akufuna usiku umenewo, asaine, zotsala ukhome. Mmawa muwerengerane mabotolo odzaza ndi zimene unatulutsa. Akadandaula kuti sukuwakhulupirira, uwauze kuti ndi lamulo la amalume a ku Kamwala.

Aphunzitsi Opuma, Chelstone
Pamenepo ine ndilibe chowonjezera.

NaZulu wa ku Chinika
Ndalemba zonse. Chimene chikundiopsa ndi kukawauza abwana kuti njira yawo ya migolo 120 ikuwadyera ndalama. Si munthu wokonda kuuzidwa ndi mwana.

Mayi a Buledi, Matero
Usakawauze kuti alakwa mwanangu. Ukawafunse kuti akuthandize kuona ngati wawerenga bwino, pepala uwasiyire pa tebulo. Pakapita masiku adzakuitana n'kukuuza nzeru yomweyo ngati yawo, iwe uzingovomera.

Akauntanti wa ku Kabwata
Ndipo muyambe ndi za 80 zija, chifukwa muli mawu akuti kuchotsera mtengo. Pa 120 mwina akulandira kale 3 peresentiyo, ndiye muwaonetse kuti pa 80 aipezabe, koma K27,000 pachaka itsala m'thumba, komanso ndalama ya migolo 40 imasuka nthawi yomweyo.

Dalaivala wa Joni
NaZulu, funsaninso anzanu a mafakitale oyandikana nanu ku Chinika ndi ku Mumbwa Road amene amaoda kwa ogulitsa a dera limodzi. Mukaphatikiza katundu pa thiraki imodzi, ndalama ya ulendo mumagawana, ndipo K9,000 ija ikatsika aphunzitsi akuuzani kuti migolo yoitanitsa nayo itsika. Kungoti mankhwala ena saloledwa kukwera limodzi, asidi ndi oyeretsa aja ine sindiwaika pamodzi ngakhale mundilipire kawiri. Munditumizire ku inbox mayina a mankhwala anu onse ndione amene angayendere limodzi.

Wophunzira za Purchasing, Kalingalinga
Aphunzitsi, nanga ngati zonse ziwiri zikusinthasintha, masabata odikira komanso migolo ya pasabata? Pa pepala la chaka chatha linabwera funso lotero ndipo 1.65 ija sindinadziwe poiika.

Aphunzitsi Opuma, Chelstone
Imakhala panja pa √, mkatimo mumalowa zigawo ziwiri zophatikiza, china cha kusinthasintha kwa malonda, china cha kusinthasintha kwa ulendo. Pa foni pano ndikalemba zisokonekera. Ndilemba pa pepala ndijambule, koma mawa, panopa adzukulu alanda tebulo akuchita homuweki.